Nkhosa za Mapasa Pakhomo pa Abambo

Ana anga, ntchito ndinagwira zingapo, ndipo yomwe mumaidziwa ndi yomaliza ija ya kukhitchini ya chipatala, kumene ndinapumira. Yoyamba simuidziwa bwino, poti munali musanabadwe, komanso ine si munthu wokamba nkhani pagulu. Kulemba ndiko kumandipepukira. Kuyambira ndili pasukulu ndinkalemba za tsiku lililonse m'timakope. Tambiri tinadyedwa ndi chiswe, koma totsalato tandikumbutsa zaka. Za ubwana wanga ndizisiya. Ndiyambira pomwe ndinalandira tikiti yanga yoyamba ya ntchito, kapepala kolembapo masiku ogwira.

1929

Chaka chimenechi ndinasiya sukulu ya mishoni ndili Sitandade 2. Tinkakhala pamalo a esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, kumtunda kwa njira yotsikira ku Luchenza, ndipo wokhala pamalo a mzungu ankabweza ndi manja ake, ndilo thangata lija mumamva. Achimwene anga anali atapita ku Halale osabwerako, abambo chifuwa chinkawagwetsa pafupipafupi, ndiye nyumba yathu inkaperewera masiku. Aphunzitsi anabwera kudzapempha kuti ndipitirize sukulu. Amayi anawayalira mphasa, nawapatsa madzi akumwa, koma kusukulu sindinabwerere.

Mudziwe kaye za pangano la Sabata, chifukwa nkhani yonse yatsamira pamenepo. Tisanabwere kuno, abambo anali pa esiteti ina ya ku Mulanje. Atalowa mpingo wa Sabata anakana kugwira khasu Loweruka, ndipo anawagwetsera nyumba ife tili panja tikuonerera. Kuno anapeza mzungu wosowa anthu, amene antchito ankamutcha Bwana Mwendo chifukwa ankatsimphina. Abambo ndi amuna ena a mpingo anakaima pakhonde pake, napangana naye kuti mabanja a Sabata azipuma Loweruka, tsikulo azilibweza Lamulungu ena onse akupuma. Linali pangano la pakamwa chabe. Kapitao wamkulu, a Jailosi, sankalikonda, poti Loweruka lililonse mizere yawo inkakhala ndi mipata. Ankanena poyera kuti, “Ine ndikungodikira tsiku loona wa Sabata mmodzi akugwira ntchito ya bwana Loweruka. Akatha mmodzi, atha onse.”

Anandiyika kotchola tiyi. Anandiuza kuti ndizitchola masamba awiri ndi kansonga, ndipo ine ndinkatero ndithu, tsamba lililonse kuliyang'ana kaye. Anzanga akamapita kusikelo ndi madengu odzaza, langa linali lisanafike pakati. Tsiku lina a Jailosi anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali.

“Iwe mwana wa sukulu, ukutchola tiyi kapena ukusankha nsabwe?”

Mzere wonse unaseka. Ine ndinangowerama.

“Ulibe pakamwa?”

“Ndili napo, a kapitao.”

“Pita kunkhosa. Kumeneko kulibe sikelo, ndipo nazonso siziyankhula. Mukamvana.”

Iwo ankati akundilanga, koma ndinapita ndi mtima wopepuka. Bwana ankaweta nkhosa chifukwa cha ndowe zothira kunazale ya tiyi, komanso nyama ya patebulo pake. Woziyang'anira anali a Mukhuna, bambo wachikulire amene anabwera wapansi kuchokera kutsidya kwa Ruo. Anthu ankawayankhula Chinyanja chochepa, koma nkhosa ankacheza nazo m'Chilomwe tsiku lonse, kuzidzudzula, kuzifunsa za dzulo. Sanandifunse chifukwa chomwe ndinali wachete, ndipo chimenecho ndinawakondera.

Phunziro lawo loyamba linali la dzanja. Anagwira nkhosa ina yooneka yonenepa, nandiuza kuti ndiyike dzanja pamsana pake, kuseri kwa nthiti yomaliza.

“Wamva chiyani, mwanawe?”

“Mafupa, agogo.”

“Pinda nkhonya. Sisita pamfundo za zalazo. Msana ukamveka choncho, nkhosa yaonda, ngakhale mimba ikhale ngati ng'oma. Tsono tambasula dzanja, usisite pomwepo. Ukamveka choncho, ili bwino. Tembenuza, usisite pachikhatho. Imeneyo yanenepetsa, idzavutika pobereka. Maso amakonda kunamizidwa. Uzifunsa dzanja.”

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse zikamatuluka pachipata ndinkadutsitsa dzanja pamsana pa iliyonse. Mpaka lero ndikaona mbuzi ya munthu pamsika dzanja limapita lokha.

1930 mpaka 1932

Nkhosa zomwe ndinazipeza zinali zathu zomwezi, za ubweya waufupi ndi mchira wa mafuta, zobereka mwana mmodzi. Mu 1930 bwana anaitanitsa yamphongo ya ubweya wambiri kuchokera kumwera. Inatsika sitima ku Luchenza, ndipo a Mukhuna anapita kukaitenga. Anabwera nayo itatopa, iwonso atatopa, akudandaula kuti siimva Chilomwe. Ana ake aakazi atakula anayamba kutenga mabere a mapasa, chinthu chomwe khola lathu silinazolowere. Ubweya wawo unkabisanso thupi, moti popanda dzanja sukanadziwa yoonda.

Zaka zomwezo tiyi anatsika mtengo. Ife za misika ya kutali sitinkazidziwa, koma tinaziona pa phoso, chakudya chomwe ankagawira antchito, kuti chachepa. Anthu ena anawachotsa. Madeya, omwe kale tinkangotapa kusitolo ya esiteti, anayamba kuyezedwa ndi chitini. Ndipo poti anthu anachepa, a Jailosi anayamba kuwatenga a Mukhuna Loweruka lililonse kukanyamula matumba a tiyi kusikelo, kutseka mpata wa a Sabata. Tsiku limenelo nkhosa zinkatsekeredwa m'khola, chifukwa popanda mbusa zikanalowa kunazale, ndipo m'nkhalango ya kumtsinje munali akambuku.

Ine ndinachita monga tinkachitira kunyumba. Amayi ankaphika Lachisanu chakudya cha masiku awiri kuti pa Sabata moto upume. Nanenso Lachisanu ndinkamweta udzu wa masiku awiri, kuthira madeya a masiku awiri m'chodyeramo, kudzaza madzi, ndi kutseka khola dzuwa lisanalowe. A Mukhuna anati ndi nzeru yabwino, bwana naye anaona osanena kanthu. Ndipo kwa nkhosa za mwana mmodzi njirayi inkayenda bwinobwino.

Januwale 1933

Mvula inagwa yambiri, tiyi anaphuka mwamphamvu, aliyense wa manja anali kumunda. M'midzi inali nyengo ya njala, madeya akudyedwa ndi anthu. Nkhosa zathu zambiri zinali ndi bere lotsala masabata ochepa. Lamulungu lina nditatsegula khola, ina mwa zamimba zazikulu sinatuluke. Inaima pangodya, mutu itautsamiritsa kukhoma, ikukukuta mano. Ndinaigwedezera dzanja kumaso, osaphethira. Mpweya wake unkanunkha ngati nthochi zopsa kwambiri. Inagona pansi madzulo ake, ndipo siinadzukenso. Lamulungu lotsatira zinachitikanso ndi ina.

Yachiwiriyo itafa Lolemba, bwana anatsikira kukhola, a Jailosi ali pambuyo. Analamula a Mukhuna kuti aitumbule. M'mimba munali ana awiri, atadzaza malo onse, chifu chitafinyikira pambali ngati kathumba ka fodya. Chiwindi chinali chotuwa, chophwanyika ndi chala. Bwana anayang'ana pang'ono, kenako anayankhula m'Chinyanja chake chodukaduka.

“Matenda awa ndimawadziwa kwathu. Ana awiri amadya mayi wawo. Chifu chilibe malo, ndiye idye pang'ono pang'ono, kangapo pa tsiku, tsiku lililonse. Ikagona ndi njala tsiku limodzi, yapita. Ikayamba kudwala, ipatseni madzi otsekemera, mwina ingadzuke. Loweruka zimadya bwanji?”

A Mukhuna anafotokoza za chakudya cha masiku awiri. Akufotokoza, ine ndinakumbuka zomwe ndinkaona Lachisanu lililonse osazimvetsa. Ndikathira madeya, za mwana mmodzi zinkakankhana, kudya mpaka kunyambita thabwa. Za mapasa zinkangolawa pang'ono, n'kubwerera m'mbuyo zikupuma wefuwefu, poti malo m'mimba zinalibe. Podzamvanso njala, madeya onse anali atatha, udzu utapondedwa ndi kuipitsidwa, ndipo nkhosa siidya udzu woipitsidwa. Chakudya cha masiku awiri chinkatha madzulo amodzi, ndipo zomwe zinkachifuna kwambiri ndizo zinkasala Sabata lonse.

“Mundibwezere kuno Loweruka, bwana,” anatero a Mukhuna.

“Bwana, munthu womuchotsa kusikelo ine ndilibe,” a Jailosi anawadula. “Tiyi akaphuka sadikira munthu. Nkhosazi zili ndi mwini wake, ndi uyu waimayu.”

Bwana anatembenukira kwa ine. “Loweruka ubwere,” anatero, n'kuyamba kukwera mtunda. Sindikhulupirira kuti za pangano anaziganizira n'komwe, mutu wake unali pa nkhosa. Koma a Jailosi anaziganizira. Podutsa anandiuza motsitsa mawu kuti, “Tikiti usaiwale, ndidzakulembera bwinobwino.”

Ndinafika kunyumba abambo akuluka dengu pakhonde, amayi akusadzula masamba a maungu. Ndinagwada pambali.

“Nena, Lidiya,” anatero abambo. “Ngakhale ndamva kale. A Jailosi afalitsa mpaka kumtsinje.”

“Bwana akuti ndipite Loweruka. Ndikapanda kupita, za mapasa zifa, abambo.”

“Nkhosa za mzungu zikudwala ndi madeya pakamwa,” amayi anatero osadzutsa mutu. “Ife tikuwafuna osawaona, koma tikuyenda.”

“Izo sizingadye ambiri nthawi imodzi, amayi.”

“Ndiye zibwere ndiziphunzitse.”

Abambo sanaseke. Anayika dengu pansi. “Kudyetsa chiweto chanjala pa Sabata si tchimo, mwana wanga. Pamenepo usavutike mtima, Mulungu sadzakufunsa. Koma a Jailosi akakuona m'khola la bwana alemba tikiti yako. Loweruka linalo aitana ine, aitana onse a mpingo, ati mwana wanu watha, inu mulephera bwanji? Wokana, denga lake lipita pansi. Iwe unaona denga likugwa.”

“Nanga nditani?”

“Sindikuuza. Wakula, tikiti ndi yako.”

Masiku awiri ndinayenda nayo nkhaniyo ngati mtolo. Ndikalowa m'khola ndinkayang'ana Nakhutu, nkhosa yomwe ndinaitcha choncho chifukwa waya unaing'amba khutu ili yaing'ono, ndipo ndine ndinaisamala bala. Mimba yake inali itatsikira mbali zonse, koma msana unali wa nkhonya. Lachinayi m'mawa ndinapeza amayi akuponyera masamba mbuzi yathu, imodzi yokhayo tinali nayo, ndipo ndinakumbuka kuti amatero tsiku lililonse, ndi pa Sabata pomwe.

“Amayi, mbuziyi pa Sabata imadya. A Jailosi bwanji salemba?”

“Alembe ndani? Ya pakhomo panga imeneyi. Akalemba andilipirenso.”

Ndinanyamuka, koma m'malo motsikira kukhola ndinakwera kunyumba ya bwana.

Pakhonde limenelo ndinali ndisanaimepo. Bwana anali pampando akuvala nsapato, a Jailosi ataima m'munsi mwa masitepe kulandira malamulo a tsikulo. Ndinagwada pabwalo. Bwana anandiona.

“Ina yafa?”

“Ayi, bwana.”

“Nanga?”

“Ndimapempha za mapasa zikakhale kwathu.”

“Kweza mawu,” anatero a Jailosi. “Si kutchalitchi kuno.”

Ndinabwereza. Ndinati zikakhala pakhomo pa abambo zizidya pa Sabata monga imadyera mbuzi yathu, pang'ono pang'ono, popanda zinzake zozilanda. Ndinati Loweruka tikiti yanga isalembedwe, chifukwa sindidzakhala pantchito ya bwana, ndidzakhala kwathu. Mawu ambiri chotero kwa mzungu ndinali ndisanayankhulepo.

“Ntchito yaulere!” a Jailosi anaseka. “Mwana ameneyu sukulu inamuwononga. Bwana, nyengo ino ya njala nkhosa zanu zikagone kumudzi? Mudzangomva fungo la msuzi.”

Bwana anamanga chingwe cha nsapato mosafulumira. “Kuyenda nakonso kumazipha,” anatero. “Zisamapite n'kubwera. Zikapita, zikhale konko mpaka zibereke. Madeya azo uzitenga kusitolo. Koma imva bwino. Ikafa, uibweretse kuno yathunthu, ndi chikopa chomwe. Ikasowa, kaya ndi fisi kaya ndi munthu, ine fisi sindikamufunsa. Bambo ako achoka pamalo anga. Wavomera?”

Mwana wa ulemu akanati ndikafunse kaye abambo. Koma ndinadziwa kuti ndikachoka pabwalo limenelo mphamvu zobwereranso sindidzazipeza, ndipo a Jailosi atsala ndi khutu la bwana tsiku lonse. Loweruka linali mkuja. Ndinaganiza za denga lathu, ndinaganiza za madenga a ena onse a mpingo, ndinaganizanso za Nakhutu.

“Ndavomera, bwana.”

Abambo ndinawauza madzulo ake, mawu onse monga ananenedwera. Amayi anagwira chibwano, abambo n'kutembenukira kwa ine.

“Wapinyolitsa denga langa osandifunsa.”

“Inde, abambo.”

“Nyengo ino, anthu akugona ndi njala, afisi akuzungulira.”

“Inde, abambo.”

Anadzuka, natenga nkhwangwa. Ndinkaganiza kuti akupita kwa bwana kukakana, koma analowera kudimba, ndipo posakhalitsa ndinamva akudula mitengo, akutsokomola. Khola analimanga chogundiza khoma la nyumba, pansi pa denga, mbali yomwe ankagona, kuti chilichonse choyenda panja achimve.

Febuluwale 1933

Lachisanu m'mawa ine ndi a Mukhuna tinasankha. Tinkagwira msana, kenako mimba, mbali zonse ziwiri. Yamimba yaikulu ndi msana wa nkhonya tinkaipatula. Zinapezeka zisanu, Nakhutu ali momwemo. Tinayenda nazo dzuwa lisanatenthe, a Mukhuna patsogolo akuzinyengerera m'Chilomwe, ine pambuyo. Zikaima, nafenso tinkaima. Njira yomwe ndinkaidutsa mwachangu tsiku lililonse inatitengera m'mawa wonse, ndipo otchola tiyi ankatikuwiza kuti tikuperekeza akwati.

Kwathu kadyetsedwe kanasintha. Madeya ndinkathira kadzanja kamodzi pa nkhosa, zikamaliza ndidikire zibzikule, kenako ndiwonjezere. Pakati pake ndinkazipatsa masamba a nandolo ndi zingwe za mbatata, omangidwa m'mwamba kuti zisaponde. Udzu wa dzinja ndinkauyanika kaye ufote, chifukwa wauwisi umadzaza mimba ndi madzi okha. Masiku a ntchito ndinkadyetsa m'mawa, kuthamangira kukhola la bwana, amayi n'kuthira masana monga ndinawaonetsera. Dengu la madeya linkakhala m'nyumba mwathu, pafupi ndi mphika wopanda ufa. Amayi ankalidandaulira tsiku lililonse, koma sanatapemo ngakhale kamodzi. Abambo usiku ankagona ndi nkhwangwa kumutu.

Sabata loyamba linadutsa bwino. Zinayi zinayamba kumveka bwino pamsana, osati kunenepa, koma mafupa anasiya kubaya dzanja. Nakhutu yokha siinasinthe. Inali itaonda kale kwambiri isanabwere, ndipo ulendo uja unaitopetsa.

Sabata lachiwiri m'mawa ndinaipeza itapatuka, mutu kukhoma, mano akulira. Ndinaipatsa masamba a nandolo, osawanunkhiza n'komwe. Abambo anali atavala kale jekete lawo loyera, limodzi lokhalo anali nalo, akudikira chitsulo cha kutchalitchi chilire. Ndinawaitana. Anasuzumira m'khola, kenako anaitana amayi.

“Bwana anati madzi otsekemera. Kudimba kuli nzimbe zija?”

“Zosakhwima,” amayi anayankha. “Ndipo zifuna kusinja. Lero.”

Mtondo pa Sabata sunkalira pakhomo pathu chiyambire, ndipo mtondo subisika, mudzi wonse umamva. Amayi anawayang'ana abambo, abambo anayang'ana nkhosa.

“Sinjani,” anatero.

Ndinathamangira kudimba. Amayi anasenda nzimbe, kuzidula, kuzisinja, n'kufinya madzi ake pansalu. Nakhutu inali itagona pansi. Abambo anagwada m'khola ndi jekete lomwelo, nanyamula mutu wake pachifuwa pawo, ine ndikuthira ndi chipande. Inatsamwa, n'kuwalavulira zobiriwira pamkono ndi pathumba. Chitsulo chinalira, anthu a mpingo ankadutsa panjira akusuzumira, abambo osadzuka.

Tili mkati momwemo tinamva mawu kuseri kwa mpanda.

“Odi kwa a Sabata! Ndimati makutu akundinamiza. Lero mtondo ukulira kuno?”

Anali a Jailosi. Anali atasiya mizere yawo kudzaona.

“Lowani, a kapitao,” anatero abambo osadzuka. “Mwabwera ndi pensulo?”

“Pensulo sindiisiya.”

“Ndiye pitani nayo kukhola la bwana, mukaone ngati muli munthu wathu. Pano ndi pakhomo panga. Mlendo wandidwalira, ndikumumwetsa.”

“Mlendo wa miyendo inayi.”

“Sindinamuwerenge miyendo pofika.”

A Jailosi anatsamira mtengo wa khola. Ndinkadikira kuti atulutse kabuku kawo. Anayang'ana jekete la abambo, anayang'ana zinayi zija zikudya nandolo, kenako anayang'ana mmene ndinkathirira.

“Iwe mwana wa sukulu, uipha nkhosayo. Ukuthira pakhosi ngati ukuthirira fodya. Bambo, tsitsani chibwanocho, mwakweza kwambiri. Athire cha m'mbali mwa tsaya, pang'ono, aidikire imeze.”

Analowa, nanjuta, natembenuza mutu wa Nakhutu ndi manja awo. Ndinathira monga ananenera, ndipo inameza. Inamezanso. Kwawo anali ndi mbuzi zambiri kale, zimenezo ndinazimva pambuyo pake. Atazindikira pomwe anali, anadzuka msanga, nasasa mawondo.

“Tiyi akundidikira,” anatero, n'kutuluka osatsanzika.

Abambo anapita kutchalitchi mochedwa, ndi jekete lothimbirira lomwelo. Mkulu wa mpingo atawafunsa pakhomo, anangoti kunyumba kuli matenda. Lamulungu ndinapereka tikiti yanga kwa a Jailosi monga mwa masiku onse. Analemba la tsikulo, malo a Loweruka anawalumpha, osandiyang'ana.

Nakhutu inadzuka, inadya pang'ono masiku angapo, ndipo ine ndinayamba kuyembekeza. Koma pakati pa sabata inabereka nthawi isanakwane. Mwana woyamba anatuluka wakufa, wachiwiri wamoyo, wochepa ngati mphaka. Mayiyo anamunyambita, koma mkaka analibe, ndipo tsiku lotsatira anatisiya. Sindinalire pamaso pa anthu. Ndinapita kudimba.

Abambo ndi a Mukhuna anamangirira Nakhutu pamtengo wonyamulira, yathunthu, mwana wakufayo ine nditamunyamula m'dengu. Tinadutsa pakati pa otchola tiyi masana, aliyense akuona, ndipo tsiku limenelo panalibe wokuwiza. Bwana anatsika masitepe, anayang'ana khutu long'ambikalo, nadutsitsa dzanja pamsana.

“Iyi inachedwa,” anatero. “Zinazo?”

“Zikudya, bwana.”

“Ndiye ukuchita chiyani pano? Pita ukazidyetse.”

Marichi 1933

Zinayi zija zinabereka pakhomo pathu, iliyonse mapasa, ndipo ana onse anaima n'kuyamwa. Wamasiye wa Nakhutu tinamuyamwitsa kwa mbuzi ya amayi, ine nditaigwira nyanga, amayi akuti tsopano mzungu watenga ndi mkaka womwe. Koma ndiwo ankamugoneka pafupi ndi moto kukazizira. Ana atalimba miyendo, ine ndi a Mukhuna tinazibweza kukhola la bwana. A Jailosi anaziwerenga pachipata, nabwereza kachiwiri, n'kungoti, “Zakwana.” Loweruka la a Sabata silinakhudzidwe, ndipo linakhala choncho mpaka esitetiyo inagulitsidwa, ine nditakwatiwa kale ndi bambo anu. Dzinja lililonse pa zaka zomwe ndinatsala kunkhosa, bwana ankatumiza yekha za mapasa kwathu, ndipo tinkazipatula msanga, misana isanafike pa nkhonya. Jekete lija amayi analichapa ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu, koma banga la pathumba silinachoke. Agogo anu analivala choncho mpaka imfa yawo.

Za denga sanandinenenso, kupatula kamodzi. Tsiku lomwe tinabweza nkhosa zoyambazo, ndinawapeza ataima pakhola lopanda kanthu, manja kumbuyo. Nkhuni zinali zitatha, ndiye ndinafunsa ngati ndingazule mitengoyo amayi aphikire.

“Usiye,” anatero. “Mlendo akadziwa njira amabweranso.”

Anatsokomola, nayang'ana m'mwamba pomwe udzu unayamba kuwola.

“Koma ulendo wina, Lidiya, ukafuna kupinyolitsa dengali uzindiuza kaye. Ndiyambe ndafolera, lisakandichititse manyazi kwa mzungu.”